Anandigulitsa matayala a chipale chofewa kuno ku Bindura

Madola 420. Matayala anayi. Masabata atatu okha. Lero galimoto yanga yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo munthu amene anandigulitsa matayalawo akuti sakundikumbukira.

Ndikulemba m'Chichewa dala, pagulu lathu lino la ana a m'migodi, chifukwa munthuyu amasaka ifeyo. Dzina la shopu yake sinditchula. Andiuza kuti ndikatchula, wopita kupolisi akhala ine, wakubayo akumwa tiyi. Koma mumudziwa. Mukangotchula chiwongo chanu adzaika cholembera pansi n'kukupatsani moni wa kwathu. Mukamva moni umenewo, gwirani thumba.

Ndine Yohane Phiri. Ndimakonza mapampu pansi pa mgodi. Ndimakhala m'dera la Aerodrome kuno ku Bindura, ndekha. Mkazi wanga anapita ku England zaka ziwiri zapitazo kukasamala nkhalamba za eni, ana anatsatira chaka chatha. Nyumba ya zipinda zitatu, kapu imodzi pa sinki. Sindikudandaula za zimenezo, ndikungofuna mumvetse zimene zikubwera.

Ababa anga ali ku Musana, dera la kumidzi kunja kwa tauni. Anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Dedza, anagwira mgodi mpaka msana kupindika, ndipo atapuma anapeza kamunda kumeneko. Amayi anamwalira zaka zinayi zapitazo. Chichokereni amayi, mutu wa ababa unayamba kutaya zinthu. Unataya mayina a anthu. Unataya masiku. Kenako unataya Chishona chonse chimene analankhula zaka makumi asanu, n'kutsala Chichewa chokha. Amai Tendai, oyandikana nawo nyumba, amawaphikira ndi kuwachapira, Mulungu awadalitse, koma sakumvana. Amangolozerana mbale. Sabata yathunthu ababa salankhula ndi munthu.

Ndiye Lamlungu lililonse ndimapita. Ndimawameta ndevu, kuwawenga zikhadabo, n'kukhala nawo pakhonde tikucheza mpaka dzuwa kupendeka. Tsikulo saliiwala, chifukwa amamva belu la tchalitchi. Likangolira amavala jekete lawo n'kukakhala pamwala wa m'mbali mwa msewu. Ndikachedwa, amanyamuka kudzandichingamira. Ndipo akanyamuka sadziwanso kubwerera.

Musandifunse chifukwa chake sindikhala nawo kuno. Ndinayesa. Ndili pa shifiti anatuluka, anakapezeka pa geti la mgodi akulimbana ndi alonda kuti achedwa kuntchito. Ku Musana amadziwa njira ya kuchimbudzi ndi ya kumanda a amayi. Kuno sadziwa kalikonse.

Mwamva tsono. Matayala kwa ine si zodzionetsera. Ndiwo amandifikitsa pamwala paja ababa asananyamuke.

Galimoto yanga ndi ya ku Japan, yotsika, ya marimu aakulu ndi matayala opyapyala aja a liwiro. Ndikudziwa, si galimoto ya ku Musana. Ndinaigula mutu udakali wachinyamata, ndipo ndilibe ina. Mvula itayandikira ndinaona kuti matayala akale asalala ngati chikhatho. Ndinakhala masabata awiri ndikuwerenga pa foni, poti madzulo ndilibe wocheza naye. Ndinkafuna matayala ogwira phula lonyowa, olimba m'mbali kuti asaphulike pa maenje athuwa, komanso okhalitsa. Ndinalemba papepala zoti ndikaone ndi maso anga: saizi, 225/45 R18, zilembo zonena kulemera ndi liwiro limene tayala limapirira, ndi manambala anayi aja onena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Pepalalo ndinaliika m'thumba la malaya.

Loweruka, 10:20 m'mawa, ndinalowa m'shopu muja. Mwini wake anafunsa dzina kuti alembe mtengo. Ndinati Phiri. Anaika cholembera pansi.

"A Phiri! Muli bwanji achimwene? Kwanu n'kuti?"

Anzanga, ndinene zoona. Kwanu n'kuti. Funso limenelo palibe anandifunsa chimwalirireni amayi. Kuntchito ndine mudhara Phiri, mdala m'Chishona. Kutchalitchi timapemphera m'Chishona ndi Chingerezi. Ana anga akaimba foni amati "hi dad". Ndiye munthu wachilendo, pakati pa tauni, pakati pa fungo la labala, akundilankhula ngati malume anga.

Anati iye ndi Mbewe. Anati agogo ake nawonso anachokera ku Dedza. Anakamba za kuzizira kwa kumeneko, za kachewere, za agogo ake amene ankasunga kalata zakumudzi m'chitini cha mabisiketi. Anandipatsa mpando. Anandigulira chakumwa chozizira. Tinacheza mphindi makumi anayi. Ndinaseka mokweza, ine amene makoma a nyumba yanga amangomva kutsokomola kwanga. Ndinamuuza za ababa. Zonse. Za belu, za mwala, za msewu wa ku Musana nthawi ya mvula. Anapukusa mutu n'kunena kuti makolo ndi Mulungu wachiwiri.

Kenako anatsitsa mawu. Anati matayala amene ndikufuna ndi madola 150 limodzi, koma kwa m'bale wake ali ndi ena kuseri, abwino kuposa amenewo, a madola 105. Anati amenewa saonetsa munthu wamba. Anawagubuduza. Akuda bii, onyezimira, timizere tambirimbiri pamwamba pake. Anati timizere timeneto ndi tomwe timagwira msewu, galimoto imamata ngati nalimata pakhoma. Anandiuza ndidine ndi chala. Labala wake anali wofewa. Anati kufewako ndiye mphamvu yake.

Ndinapisa dzanja m'thumba la malaya. Anaona.

"Aa, achimwene, mpaka pepala? Pachibale?"

Manyazi anandigwira. Ine, munthu amene sindiyatsa pampu ndisanawerenge chitsulo chake kawiri. Ine amene ndimabweza lamba wa makina chifukwa cha mng'alu wochepa ngati tsitsi. Ndinachotsa dzanja m'thumba n'kupepesa. Ndinapepesa, anzanga! Anandiuza ndikhale pamthunzi, anthu ake amange. Ndinakhala. Pa 11:50 ndinalipira. Pa lisiti analemba kuti "matayala 4, 420". Basi. Palibe dzina la tayala, palibe mawu akuti atsopano. Ndinaona, koma ndinali ndikusekabe nkhani ya chitini cha mabisiketi.

Potuluka anati ndikawapatse moni ababa. Ndinakawapatsadi.

Sabata yoyamba kunalibe mvula. Galimoto inkayenda ngati ili pa matiresi, ndikakhota inkachedwa kumva. Ndinamuimbira Lachinayi, 4:30 madzulo. Anati ndisadere nkhawa, matayala atsopano amayamba azolowera msewu. Kuzolowera? Kodi tayala ndi mtengwa, kuti liyambe laphunzira makhalidwe a pamudzi? Koma ananena m'Chichewa chokoma, anafunsanso za ababa, ndiye ndinati chabwino achimwene.

Sabata yachiwiri ndinaona tinyenyeswa ta labala takuda m'mbali mwa mawilo akumbuyo. Ndinaimbanso. Anati ndi polishi wa kufakitale akuchoka. Ndinakhulupirira. Munthu ukafuna m'bale, umakhulupirira ngakhale polishi.

Lamlungu la kumapeto kwa sabata yachitatu mvula inayamba 8:40. Ndinanyamuka 9:05, lumo ndi sopo zili pampando. Sindinathamange. Ndinali pa 70, ndipo ndikulumbira. Nditadutsa kamlatho kena, pokhota, ndinaona dzenje lodzaza madzi. Ndinaponda mabuleki pang'ono. Galimoto sinamve. Ndinapotoza chiwongolero. Sinamve. Inangotsetsereka chammbali, mwakachetechete, ngati mbale pa tebulo lonyowa, mpaka kukagunda kalavati.

Inali 9:40. Ndinatuluka mlomo ukuchucha magazi. Tayala lakutsogolo kumanzere linang'ambika m'mbali. Lakumbuyo linasendeka pamwamba ponse, chikopa chake chili lende. Rimu inasweka. Chitsulo chogwira wilo chinapindika. Sipeya ndili nayo imodzi, matayala akufa awiri.

Ndinaimbira Amai Tendai. Foni yozima, ali m'tchalitchi. Ndinaimbira a Mbewe, m'bale wanga uja. Inalira mpaka kudula. Kasanu. Ndinaimbira wa galimoto yokoka zinzake, anati afika pakatha mphindi makumi awiri.

Ndinaima pamvula. Magalimoto ankadutsa n'kundithira madzi. Ndinayang'ana mayina onse a m'foni yanga kuchokera pamwamba mpaka pansi, kufuna munthu mmodzi woti ndimuuze kuti chonde thamangira ku Musana, ukakhale ndi ababa. Sindinamupeze. Mayina ambirimbiri, onse a kuntchito ndi a kunja kwa dziko. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndabadwira kuno, ndipo ndinalibe woti ndimutume.

Apa ndivomere cholakwa changa. Ndikanasiya galimoto n'kuimitsa kombi, minibasi zathu zija. Ndinaopa kuti ndikabwera ndidzapeza yopanda batire, yopanda magalasi. Ndinkati mphindi makumi awiri si kanthu. Mphindi makumi awirizo zinakhala maola anayi. Chimenechi ndi changa, ndipo chikundidya. Koma amene anandiika pakalavati paja si ine.

Wokoka uja anafika 1:30. Bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Ananjuta pa tayala lakumbuyo, napukuta matope ndi chala. Anaseka. Ataona nkhope yanga analeka. Anandionetsa kachizindikiro kakang'ono m'mbali mwa tayala, kaphiri, m'kati mwake kanyenyezi ka nthambi zisanu ndi imodzi. Anandifunsa ngati ndikupita ku Japan. Anati amenewa ndi matayala a nyengo ya chipale chofewa. Eni ake akawataya, anthu amawatola, kuwadzaza m'makontena, kuwapaka polishi n'kudzatigulitsa. Anati pa phula lathu lotentha amanyenyeka, ndipo akakalamba, pa mvula sagwira kanthu.

Chipale chofewa. Ku Bindura. Chinagwa liti ku lokeshoni ya Chiwaridzo, anzanga? Kapena chinagwa ine ndili pansi pa mgodi?

Kenako analowetsa mutu pansi pa galimoto, chifukwa manambala anayi aja anawamangira m'kati, mbali yosaoneka. Matayala onse anayi. Mwangozi? Anawerenga mokweza. Tayala langa latsopano linapangidwa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Ndi lalikulu kuposa mwana wanga womaliza. Chikomekome cha mkuyu.

Pa 2:10 Amai Tendai anandiimbira. Anati pamwala palibe munthu.

Ndinamusiyira bambo uja makiyi, munthu amene sindimudziwa n'komwe, zimene ndikanachita m'mawa muja. Ndinakwera kumbuyo kwa lole ya feteleza. Tinafunafuna m'minda, m'mphepete mwa mtsinje, kumanda. Ndinkaitana m'Chichewa m'dziko la eni, anthu akundiyang'ana m'makomo mwawo. Pa 5:30 bambo wina anabwera ndi ababa pa ngolo. Anawapeza makilomita asanu ndi awiri kuchokera kunyumba, atakhala m'ngalande, jekete lili chonyowa, nsapato imodzi palibe. Mapazi anali atachekekachekeka. Ankanjenjemera osatsegula maso. Tinawasintha zovala, tinawafunditsa, anagona. Mawa lake Amai Tendai anapita nawo kuchipatala, ine ndili pa shifiti. Chifuwa chimene anatenga tsiku limenelo sichinathebe.

Lachiwiri, 11:15, ndinabwerera kushopu tayala losendeka lija lili paphewa. Ndinaliponya pakauntala. Ndinati muli bwanji achimwene.

Anandiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha ntchito. "Tingakubatsirei nei, mudhara?" Tikuthandizeni chiyani. M'Chishona. Chichewa chija chinapita kuti? Chinathera limodzi ndi polishi?

Ndinamukumbutsa. Anati makasitomala ndi ambiri, sangakumbukire aliyense. Ndinatulutsa lisiti. Analiwerenga modekha n'kundifunsa pamene palembedwa kuti atsopano. Ndinati munanena ndi pakamwa panu. Anati pakamwa si lisiti. Ndinamuonetsa kaphiri kaja. Anati ndi chokongoletsera. Ndinamuonetsa manambala. Anati tayala silikhala ndi tsiku lobadwa, si mwana. Anati vuto ndi kayendetsedwe kanga. Anati munthu wanzeru sapita ku Musana ndi galimoto yotsika chonchija. Zoona? Nanga pamene ndinkakuuzani za msewu umenewo, mukupukusa mutu, mukuti makolo ndi Mulungu wachiwiri, galimotoyo inali yaitali?

Ndinamuuza kuti ababa anapezeka m'ngalande. Ndinaganiza kuti mwina pamenepo nkhope isintha. Anayang'ana wotchi. Anati "zvakatengwa zvakatengwa", chogulidwa chagulidwa, ndipo ngati ndikufuna matayala ena ali nawo a madola 150.

Ndili chiimire, analowa bambo wina ndi mkazi wake, ovala yunifolomu ya mgodi wina. Ndinapatuka, ndinaima pakhomo. Ndinamva akufunsidwa dzina. Anati Banda. Ndinamva cholembera chikugwa patebulo.

"A Banda! Muli bwanji achimwene?"

Mawu omwewo. Kamvekedwe komweko. Ndikhulupirira kuti chitini cha mabisiketi chinali m'njira. Ndinabwerera. Ndinawauza a Banda kuti asamwe chakumwa chimene chikubweracho, ayambe awerenga manambala. Ndinawaonetsa tayala langa. Mkazi wawo anawakoka dzanja, anatuluka.

Pamenepo Chichewa chinabwerera. A Mbewe anandiyandikira, nanena chapansipansi kuti, "Iwe, usandiwonongere bizinesi." Iwe. Masabata atatu apitawo ndinali achimwene. Mlonda anandigwira pamkono n'kunditulutsa, tayala langa anandiponyera panja. Nthawi inali 11:52. Ndinakwera nalo kombi, ndinalilipirira mpando.

Chitsulo chogwira wilo chija akuti chichokera ku Harare, mwina masabata awiri, mwina atatu. Rimu ya mtundu umenewu sikupezeka. Ndiye Lamlungu lapitali ndinapita pa kombi. Inanyamuka itadzaza, 9:50. Inanditsitsa pamphambano, makilomita atatu otsalawo ndinayenda pansi, lumo ndi sopo zili m'pepala la pulasitiki.

Ndinawaona patali. Ali pamwala, jekete lili pathupi, mapazi omangidwa mabandeji. Amai Tendai anasiya tchalitchi kuti akhale pambali pawo. Mtima unakhala pansi. Ndinafulumira. Ndinagwada n'kunena kuti ababa, ndabwera.

Anavula chipewa. Anandipatsa moni wa manja awiri, waulemu, umene amapatsa alendo. Anati, "Zikomo bambo. Ulendo wa kuti?"

Ndinati ndine Yohane. Mwana wanu.

Anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira nsapato zanga zamatope mpaka kumutu. Anamwetulira ngati munthu wosafuna kukhumudwitsa mlendo. "Ayi bambo. Yohane wanga amabwera pa galimoto."

Sindinkadziwa. Miyezi yonseyi ndinkayesa amadziwa nkhope yanga. Kani amadziwa galimoto. Amadziwa kuti amene atuluke m'menemo ndi mwana wawo.

Ndinatulutsa lumo. Anakana. Anati ndevu zawo amameta ndi mwana wawo yekha, ndisavutike. Anasendera kuti ndikhale nawo pamwala, poti ndikumva chilankhulo chawo. Anasangalala kupeza munthu wa kumudzi. Anandiuza za mwana wawoyo. Anati ndi mnyamata wabwino, amagwira ntchito ya mapampu, sanawasiyepo. Anati lero wachedwa, koma abwera. Galimoto iliyonse ikamveka patali ankadzutsa mutu, n'kuugwetsanso.

Ndinakhala nawo pamenepo mpaka 4 koloko, tikudikira ine. Sindinalirepo chiikireni amayi m'manda. Tsiku limenelo Amai Tendai anayang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi. Pochoka, ababa anandipempha kuti ndikamuona Yohane m'tauni ndimuuze kuti akudikira.

Anzanga a pagulu lino, wakutsina khutu ndi mnansi. Mukapita kukagula matayala, tulutsani pepala lanu musanayankhe moni. Pezani manambala anayi aja, tayala lisanamangidwe, mbali zonse ziwiri. Awiri omalizawo ndi chaka. Mukaona kaphiri ndi kanyenyezi, thawani. Lisiti linene dzina la tayala, saizi, ndi mawu akuti latsopano. Akakuuzani kuti pachibale safunsa zimenezo, dziwani kuti chibalecho chili pa mtengo. Tilipo ochepa kuno, ambiri tili tokhatokha m'nyumba zathu, ndipo pali anthu amene anazindikira kuti njala yathu si ya matayala otchipa.

Tsono inu a Mbewe, ngati ndinudi Mbewe. Ndikudziwa muli pagulu lino, ndi pomwe mumatola mayina athu. Madola 420 aja ndikuwafuna, musaganize kuti ndaiwala. Koma yambani mwandiyankha izi, pano, pamaso pa anthu. Munkadziwa kumene matayala aja akupita. Ndinakuuzani ndekha, nditakhala pampando wanu. Munamva za nkhalamba imene imanyamuka ikaona kuti mwana wachedwa, ndiyeno munalowa kuseri n'kusankha amenewo. Pogubuduza munkaganiza chiyani?

Lamlungu likubwerali belu liliranso, galimoto idakali pa njerwa. Ndikwera kombi, ndikakhala pamwala ngati mlendo, ndipo adzandifunsa ngati ndinamuona. Ndiuzeni inuyo, achimwene. Ndikawauze kuti Yohane wawo wachedwa ndi chiyani?